Zimene asayansi akufuna m'kamwa mwa nsomba za m'nyanja yathu

Munthu wamkulu dzino likangoguluka, basi, atsala ndi magweru mpaka kumanda. Mbuna ndi utaka, zomwe asodzi a kwa Khombedza ndi a magombe ena a ku Salima amazidziwa bwino, zilibe vuto limeneli. Dzino likatha kapena kuthyoka, lina limakhala litayamba kale kukula pansi pake, ndipo zimatero moyo wake wonse. Nsombazi zilinso ndi mano ena kukhosi, opera chakudya, ndipo nawonso amasinthidwa chimodzimodzi.

N'chifukwa chake mbuna za m'nyanja ya Malawi zikuwetedwa m'mathanki a Georgia Institute of Technology ku Atlanta. Kumeneko Todd Streelman ndi anzake akhala zaka zambiri akufufuza mmene dzino limamerera. Mu 2015 adalengeza kuti m'kamwa mwa kansomba kongoswa kumene, mano ndi timatuza tomvera kukoma kwa chakudya zimachokera ku khungu limodzi lomwelo. Chimene chimagamula kuti apa pamere dzino, apo kathuza, ndi majini otumiza uthenga ku maselo, ndipo ena mwa majiniwo amagwiranso ntchito m'kamwa mwa mbewa. Ofufuzawo akuyembekeza kuti mwina usinini wa munthu udzatheka kuudzutsa kuti umeretse dzino lachitatu. Akuyembekeza chabe. Wodwala dzino lero asadikire Atlanta, apite kuchipatala.

Koma kamwa lomwelo lili ndi ntchito ina imene kwa ife kuno ndiyo yaikulu. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi n'kubwera kudzaikira mazira, kenako n'kuwatola onse kuwasunga m'kamwa. Mazirawo amaswera momwemo. Kwa milungu ingapo mayiyo amakhala pafupifupi osadya, ndipo ngakhale atalavula ana, pakachitika choopsa amathawiranso m'kamwa mwake. Nsomba yotere siikira mazira ochuluka ngati mlamba, poti kamwa lili ndi malire. Ndiye khoka likakokolola chambo chofungatira, sichifa chokha. Onjezanipo maukonde a udzudzu amene amasesa kasawala m'mphepete, simudabwa kuti mu 2018 bungwe loteteza chilengedwe la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Zoti nsomba zoswana ziyenera kutetezedwa anthu a kuno sadadikire kuti auzidwe ndi buku. Pachilumba cha Mbenji, kwa Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa kuyambira mu Disembala kufika cha mu Epulo, ndipo mwambowu udayamba m'zaka za m'ma 1950, boma lisanaikepo dzanja. Malamulo ake ndi okhwima: pachilumbapo saloleza mowa, juga ngakhale akazi. Lamulo lomalizali ena amalitsutsa, ndipo mpomveka, pakuti amayi ndiwo ambiri mwa oyanika ndi ogulitsa nsomba. Komabe kutsekako kumagwira ntchito, ndipo akatsegula, asodzi ochokera kutali amakhamukira kugombe la Chikombe kudzawolokera kuchilumbako.

Chodandaulitsa n'chakuti ntchito yaikulu yofufuza majini a nsombazi ikuchitikira kunja, ku Atlanta ndi ku Cambridge, pamene mwana wa sekondale kwa Khombedza amaphunzira za kuberekana kwa nsomba poona chithunzi chojambula pabolodi, nyanja ili poteropo.