Ana Athu Akuphunzirira Nyengo Kuphiri

Lachitatu lina masana, mvula itangokata, tinaperekeza ana a kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu ina kuno ku Chiradzulu kukakwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi wawo. Ife a zaumoyo tinanyamula madzi akumwa ndi mabandeji, poganiza kuti ntchito yathu ingokhala yomanga zilonda za opunthwa. Koma tinatsika phirilo nafenso titaphunzira.

Aphunzitsi awo anawaimitsa pa chigwembe chimene chinadula munda wina pakati. Sanayambe ndi kulongosola. Anangowapatsa chingwe ndi ndodo kuti ayeze kuya kwake ndi kutambalala kwake, nalemba m'kope. Kenaka anawafunsa kuti dothi lonse limene linali pamenepa lapita kuti. Mtsikana wina wa Fomu 2 analoza kumunsi, kumtsinje, nati: "Aphunzitsi, ndiye kuti ndi lomwe timamwa lija?"

Ana a m'boma lino safuna wowauza kuti nyengo yasintha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo m'mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakwirira nyumba ndi anthu. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, chimanga chinauma chisanabereke, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi. Zonsezi anawa anaziona ndi maso. Chimene amasowa ndi kumvetsa mmene madzi, dothi ndi mitengo zimagwirizanirana, ndipo zimenezi zimalowa msanga m'mutu mwana akazigwira ndi manja.

Titatsika, anatisonyeza zimene amachita kuseri kwa kalasi. Anadula mabotolo awiri apulasitiki cham'litali, limodzi naikamo dothi lopanda kanthu, linalo dothi lokhala ndi udzu wake, nawapendeketsa mofanana. Atathira madzi ofanana, botolo loyamba linatulutsa madzi ofiira nthawi yomweyo. Lachiwiri linachedwa, ndipo madzi ake anali ochepa ndi oyererako. Panalibenso wofunsa chifukwa chimene alangizi a zaulimi amalimbikira za akalozera, ngonyeka ndi udzu wa vetiva.

Ali ndi choyezera mvula chodzipangira okha: botolo lowongoka m'mbali, lodulidwa kumtunda, lokhala ndi rula, loikidwa poyera kutali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse mwana mmodzi amawerenga, nalemba, nakhuthula madziwo. Anatiphunzitsa kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi. Choncho denga la malata la mamita 6 kwa 8, ikagwa mvula ya mamilimita 20, limakhetsa malita 960, omwe ndi zigubu 48 za malita 20. Madzi onsewo tikawalekerera amakumba maziko a nyumba ndi kukokolola bwalo. Tikawatchera, timachapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba.

Apa ndi pamene phunziro lawo linakumana ndi ntchito yathu. Tinayenda nawo kuzungulira midzi yapafupi tikuyang'ana m'maenje oumbira njerwa ndi m'zithaphwi za m'njira. Anatunga madzi ndi chikho naona timphutsi ta udzudzu tikuvinavina. Tinawauza kuti nyengo yotentha dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pasanathe milungu iwiri, ndipo anayamba okha kuwerengera kuti dzenje limodzi losakwiriridwa lingadwalitse makomo angati malungo. Tinaonanso zimbudzi zokumbidwa kumtunda kwa zitsime. Amene tinaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tikudziwa kumene madzi a mvula amakatula zonyansa za m'chimbudzi chotere.

Pa nkhani ya mitengo, kalabuyi inaphunzira movutikira. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka china anadzala mbande zambiri ndi chimwemwe. Atabwerera kukawerenga m'chilimwe, anapeza zochuluka zitadyedwa ndi mbuzi ndi chiswe, zina zitapsa ndi moto wa osaka mbewa. Tsopano mwana aliyense ali ndi mitengo yake yochepa yoti aitchingire ndi kuithirira, ndipo amasamaliranso ziphukira za pa zitsa zakale, zomwe zimapirira chifukwa mizu yake inazama kale. M'minda akuyesa msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba chimanga koma umachidyetsa manyowa.

Aphunzitsiwo sanawanamize anawo kuti mitengo ikanaletsa zonse za Freddy. Mvula ija inali yoposa muyeso. Anawaphunzitsa zizindikiro za phiri lofuna kugumuka: ming'alu yatsopano panthaka kapena pakhoma, mitengo yoyamba kupendekeka, kasupe wotumphuka pamalo pamene panalibe, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Ukaona zotere, usadikire kusonkhanitsa katundu. Mwana wodziwa zimenezi angapulumutse banja lonse usiku umodzi.

Tikudziwa kuti makolo ena amadandaula kuti mwana akungoyendayenda m'tchire, pomwe mayeso ali pafupi ndipo pakhomo pali ntchito. Komatu kuyeza, kulemba ndi kuwerengera kumeneku ndi masamu ndi sayansi yomweyo ya pamayeso. Makalabu otere si achilendo: bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri. Ndipo ku Thyolo, pafupi pomwepa, yunivesite ya MUST ili ndi sukulu ya Ndata yophunzitsa za nyengo ndi nthaka. Mwana woyamba ndi botolo ndi rula angadzafike kumeneko.

Ngati pasukulu ya mwana wanu pali kalabu yotere, muloleni apite, ndipo akabwera mufunseni zimene waona. Ngati palibe, yambirani pakhomo kapena ndi atsogoleri a Pathfinder kumpingo kwanu. Ikani botolo pabwalo mvula isanayambe, mupatseni mwana kope, ndipo ikagwa yamphamvu tulukani naye mukatsate kumene madzi a padenga panu akulowera. Mukakapeza kuti akuthera m'dzenje la njerwa kapena pafupi ndi chitsime, tengani makasu tsiku lomwelo.