Cheza chofika pachotupa penipeni

Mayi wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe akapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero itakula kale, opaleshoni siithandizanso. Amafunika kuwotchedwa ndi cheza, koma cheza chochokera pamakina a kunja kwa thupi sichikwanira pachokha. Madokotala amalowetsanso kachipangizo mpaka m'chiberekero kuti cheza chituluke pafupi ndi chotupacho. Njirayi imatchedwa brachytherapy.

Chovuta n'chakuti mphamvu ya chezachi imachepa msanga ikangotalikira pang'ono. Chotupa chikafalikira m'mbali, malo ena amatsala osapsa, ndipo kuwonjezera mphamvu mwachisawawa kumavulaza chikhodzodzo ndi matumbo. N'chifukwa chake masiku ano amayamba ajambula ndi CT kapena MRI, pena n'kubayanso masingano onyamula cheza m'mbali mwa chotupacho.

Kwa zaka zambiri odwala athu ankatumizidwa kunja, monga ku India ndi ku Kenya, ndipo opita anali ochepa. Mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe. Komabe thandizo lonseli liyenera kutha pasanadutse masabata 8. Wodwala wochokera ku Balaka kapena ku Liwonde akalekezera panjira chifukwa ndalama ya basi ndi chakudya yamuthera, chotupa chija chimayambanso kukula.