Mankhwala Otsitsa Kutentha Thupi kwa Ana: Momwe Makolo a ku Kabwe Amasankhira ndi Kumwetsera

Kutentha thupi ndi limodzi mwa mavuto amene amafikitsa ana aang'ono kuchipatala kawirikawiri m'tauni ya Kabwe, likulu la chigawo cha pakati m'dziko la Zambia. Koma mwana akamafika pamaso pa namwino, nthawi zambiri amakhala atamwa kale kanthu kunyumba. Thupi limakonda kutentha usiku, kiliniki ili patali, ndipo kholo silingakhale chete mwana akubuula. Mayi amafufuza botolo lotsala la mwezi watha, bambo amathamangira pa kantemba kapafupi, kapena woyandikana nawo nyumba amabweretsa mapiritsi awiri okulunga m'kapepala. M'makomboni monga Makululu, Katondo, Bwacha ndi Kasanda, chithandizo choyamba chimene mwana amalandira chimasankhidwa ndi makolo, ndiye n'kofunika kuti iwo adziwe chimene akumwetsa.

Kutentha thupi si matenda paokha. Ndi njira imene thupi limalimbanirana ndi tizilombo tomwe talowamo. Thupi la mwana wabwinobwino limakhala pa madigiri 37 kapena kutsikirako pang'ono, ndipo azachipatala amati latentha pamene choyezera choikidwa m'khwapa chafika 37.5 kapena kupitirira. Nyumba zambiri zilibe choyezera, kotero mayi amagwira mwana pamphumi kapena pamimba ndi kuseri kwa dzanja. Dzanja la mayi silinama kwenikweni mwana akatentha zedi, koma mu Okutobala, dzuwa likamaotcha malata, mwana wofunditsidwa kapena amene wakhala kumsana nthawi yaitali amamveka wotentha asakudwala. Zoyambitsa zake zimasintha ndi nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imasiya zithaphwi, udzudzu umachuluka m'madambo ndi m'madera oyandikira dambo lalikulu la Lukanga kumadzulo kwa tauniyi, ndipo malungo amavuta. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumabwera chimfine, chifuwa ndi chibayo. Khutu lotuluka mafinya, zilonda zapakhosi, matenda a njira ya mkodzo, katsabola, chikuku ngakhale katemera zimatenthetsanso thupi. Kumera mano, komwe anthu amakunamizira zambiri, kumangofunditsa thupi pang'ono. Mwana wotentha kwambiri ali ndi vuto lina, ngakhale mano akumera.

Mankhwala amene makolo ambiri amayamba kugwira ndi paracetamol, omwe pafupifupi aliyense amangowatcha Panadol. Amabwera ndi maina ambiri, monga Panado ndi Calpol, ena m'botolo ngati madzi otsekemera, ena ngati mapiritsi. Chogwira ntchito m'kati mwake ndi chimodzimodzi. Botolo lodula la chithunzi chokongola silichiritsa kuposa lotchipa lomwe lili ndi mlingo wofanana, ndipo amadzi sali amphamvu kuposa mapiritsi. Ubwino wake ndi woti n'ngosavuta kuyeza ndi kumeza. Komabe chimene chimalamula kusankha nthawi zambiri ndi thumba. Wokhala ndi ndalama amakagula botolo ku famase m'tauni, pomwe wosowa amagula mapiritsi awiri kapena anayi a akuluakulu pa kantemba n'kumabenthulira mwana. Mabanja ambiri alibe njira ina, ndipo kuwadzudzula sikuthandiza. Chofunika n'kudziwa kabenthulidwe kake.

Mlingo wa paracetamol umatsata kulemera kwa mwana, osati zaka zokha kapena kukula kwa matenda. Pa kilogalamu iliyonse mwana amafunika mamiligalamu 10 mpaka 15, ndipo kulemera kwake kumapezeka pa khadi la kusikelo limene mayi aliyense amasunga. Mwana wa makilogalamu 10 amamwa mamiligalamu 100 mpaka 150 pa nthawi imodzi. Botolo lofala la ana limakhala ndi mamiligalamu 120 kapena 125 m'mamililita 5, kotero mwana ameneyu mamililita 5 amamukwanira. Koma pali mabotolo ena a ana okulirapo omwe ali ndi mamiligalamu 250 m'mamililita 5 omwewo. Mayi wozolowera "supuni imodzi" akagula botolo lachiwirili osawerenga, amapereka mlingo wowirikiza kawiri osadziwa. Piritsi la akuluakulu lili ndi mamiligalamu 500. Malangizo a bungwe la WHO amene anamwino amatsata amati mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka zitatu amwe gawo limodzi la magawo anayi a piritsili, ndipo wa zaka zitatu mpaka zisanu amwe theka. Piritsi lathunthu ndi lochuluka kwa mwana aliyense wosakwana zaka zisanu.

Supuni nayo imasokoneza. Ya tiyi ya m'nyumba ina ndi yaing'ono, ya m'nyumba ina ndi yakuya, ndipo ena amatunga ndi supuni yodyera phala. Kakapu kolembedwa mizere kapena sirinji yobwera ndi botolo ndizo zoyezera zodalirika. Pakati pa kumwa koyamba ndi kwachiwiri payenera kudutsa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo mwana asamwe koposa kanayi pa usana ndi usiku umodzi. Apa ndi pamene makolo achikondi amalakwira. Mankhwala amatenga theka la ola kapena ola lathunthu kuti ayambe kugwira, ndipo satsitsa kutentha mpaka kutheratu. Kholo likaona kuti mwana akadali wofunda limawonjezera, poganiza kuti oyamba aja anachepa. Kwina mayi amamwetsa m'mawa n'kupita kumsika, agogo otsala ndi mwana amamwetsanso, bambo pobwera madzulo amabweretsa botolo lina la chimfine lomwe m'kati mwake mulinso paracetamol. Aliyense wachita zabwino mwa iye yekha, koma mwana wamwa mowirikiza.

Kuopsa kwa paracetamol wochuluka n'koti amawononga chiwindi mwakachetechete. Tsiku loyamba mwana akhoza kungosanza kapena kuoneka bwinobwino, ndipo zizindikiro zenizeni, monga maso achikasu, kupweteka m'mimba ndi kugona mosadzuka, zimabwera pakatha masiku awiri kapena atatu. Mwana woperewera zakudya m'thupi ndiye ali pangozi yaikulu. Mankhwala oletsa kuwonongekaku alipo, koma amagwira bwino akaperekedwa m'maola asanu ndi atatu oyambirira. Choncho mwana amene wapeza botolo n'kupapira, popeza ndi lotsekemera, ayenera kutengeredwa kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi botololo, ngakhale akusewera.

Mtundu wachiwiri ndi ibuprofen, wodziwika ndi dzina loti Brufen. Amatsitsa kutentha ndi ululu ndipo amakhalitsa m'thupi, n'chifukwa chake amamwedwa pakadutsa maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Sayenera kupatsidwa kwa khanda losakwana miyezi itatu, kwa mwana wodwala katsabola, kapena kwa mwana amene akutsegula m'mimba, akusanza ndipo sakumwa, chifukwa thupi likauma madzi mankhwalawa amapweteka impso. Kumwetsa Panadol ndi Brufen pamodzi, kapena kusinthanitsa popanda malangizo a dokotala, kumangochulukitsa mpata wolakwitsa. Za aspirin nkhani ndi yachidule: si wa ana. Mwana wosakwana zaka 16 akamwa aspirin ali ndi chimfine kapena katsabola akhoza kudwala matenda a Reye, omwe amatupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi. Mapiritsi ena a mutu ogulitsidwa limodzilimodzi m'tuntemba ali ndi aspirin m'kati, ndipo piritsi lochotsedwa m'paketi yake silinena chimene lili.

Komwe mankhwala agulidwa kulinso ndi kanthu. M'dziko la Zambia bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la mu 2013, ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa mafamase ndi timasitolo ta mankhwala. Kufunika kwa ntchito imeneyi kunaoneka mu 2022, pamene ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia ndi oposa 200 ku Indonesia impso zitaleka kugwira ntchito, atamwa mankhwala amadzi omwe munalowa poizoni wa m'mafakitale. Kholo silingayeze poizoni ndi maso, koma lingathe kugula pamalo a chiphaso, kuona tsiku lotha ntchito, kukana botolo lotsegulidwa kale kapena lofufutika zilembo, ndi kupewa mankhwala amene akhala akuwambidwa padzuwa pathebulo lamumsika.

Ngozi yaikulu koposa zonsezi siili mu mlingo, ili m'kuchedwa. Panadol sapha tizilombo ta malungo, sachiza chibayo, ndipo safika pa matenda oumitsa khosi. Amangopumitsa mwana. Thupi likazizira, mwana n'kudyako pang'ono, makolo amati wachira, ulendo wakuchipatala n'kuimitsidwa. Madzulo kutentha kumabwerera, amwetsanso, masiku atatu n'kutha. Kuchita zimenezi kuli ngati kukupiza utsi moto ukunyeka m'denga. Malungo mwa mwana wamng'ono amatha kufika poipa m'tsiku limodzi kapena awiri, kumaliza magazi kapena kukwera kumutu. N'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa kuti mwana wosakwana zaka zisanu akatentha thupi ayezedwe magazi pasanathe maola 24. Kuyezaku n'kobaya chala basi, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Akapezeka ndi malungo amapatsidwa Coartem, mankhwala amene Zambia inali pakati pa maiko oyambirira mu Africa kuwagwiritsa ntchito m'zipatala za boma pamene chloroquine analeka kugwira. Amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro. Kulekeza panjira mwana akayamba kusewera, n'kusungira mapiritsi otsala mng'ono wake, kumasiya tizilombo m'magazi ndipo malungo amabwerera.

Mwana akapezeka wopanda malungo, makolo ena amakhumudwa, n'kukagula okha Coartem, amoxicillin kapena Septrin. Kutero n'kulakwa. Kutentha thupi kwa ana nthawi zambiri kumachokera ku mavairasi, omwe mankhwala amenewa sawakhudza, ndipo kumatha kokha m'masiku ochepa. Kumwetsa mwachisawawa kumazoloweretsa tizilombo, kotero kuti tsiku limene mankhwalawo adzafunikedi adzapezeka ofooka.

Pali ana amene sayenera kudikira kunja kuche. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, kapena likazizira modabwitsa, lipite kuchipatala lisanamwetsedwe mankhwala aliwonse. Chimodzimodzi mwana amene akukana bere kapena madzi, akusanza chilichonse, akugona mosadzuka, akupuma mofulumira chifuwa chikulowa m'kati, wauma khosi, watupa kapena walowa liwombo, kapena wayera m'manja ndi m'zikope. Mwana wa matenda a sickle cell, omwe ndi ofala m'Zambia, akatentha thupi ndi wofunika dokotala tsiku lomwelo. Makiliniki a m'makomboni amatumiza odwala kwambiri ku zipatala zazikulu monga Kabwe Central Hospital. Chimene chimaopsa makolo koposa ndi kukomoka kwa mwana, maso atatembenuka, manja ndi miyendo zikugwedezeka. Izi zimachitikira ana ena a miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka zisanu thupi likatentha, ndipo kumwetseratu Panadol sikuziletsa. Mwana wotero amagonekedwa chammbali, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamuthira mankhwala kapena madzi kukhosi, osamufukiza utsi, kenako n'kuthamangira naye kuchipatala, chifukwa kunyumba palibe angasiyanitse kukomoka wamba ndi malungo a kumutu.

Kabwe ili ndi vuto lakelake limene limalowerera m'nkhaniyi. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, womwe unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka unatsekedwa mu 1994, unasiya mtovu m'dothi la madera monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ana amaumeza ndi kuupuma m'fumbi akamasewera. Mtovu sutenthetsa thupi kawirikawiri, koma umapweteketsa mutu ndi m'mimba, umachepetsa magazi ndi chilakolako cha chakudya, umabwezera nzeru m'mbuyo, ndipo ukachuluka umakomola. Mwana wa m'maderawa amene amangodandaula mutu kapena m'mimba mwezi ndi mwezi safunika Panadol wa tsiku ndi tsiku. Afunika kuyezedwa mtovu m'magazi. Ndiponso mwana wochepa kale magazi akagwidwa malungo amafooka msanga kuposa anzake.

Mwana wotentha pang'ono koma akuyamwa, akudya ndi kusewera safunika mankhwala otsitsa kutentha. Anamwino amapereka paracetamol makamaka kutentha kukafika 38.5 kapena mwana akamamva ululu, ndipo cholinga n'choti apeze mpumulo, amwe ndi kugona, osati kuti nambala itsike. Wogona tulo tabwino asadzutsidwe chifukwa cha mankhwala. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kuyamwitsa pafupipafupi, madzi owiritsa kapena othira klorini, madzi a ORS ngati akutsegula m'mimba, ndi zovala zopepuka. Kufunditsa mabulangete kuti atuluke thukuta kumawonjezera kutentha, pomwe kumusambitsa madzi ozizira kumamunjenjemeretsa, thupi n'kuyambanso kudzitenthetsa. Kansalu konyowa ndi madzi ofunda pang'ono kamatonthoza kwa kanthawi chabe.

Kuyambira mu 2012 chithandizo cha m'makiliniki a boma m'Zambia monse n'chaulere, kuphatikizapo kuyeza malungo. Kholo lopita kumeneko litenge khadi la kusikelo ndi botolo kapena paketi ya chilichonse chimene mwana wamwa, ngakhale mankhwala azitsamba, ndipo linene mosabisa kuti wamwa zingati ndi nthawi yanji. Namwino akapanda kuuzidwa akhoza kupereka mlingo wina pamwamba pa woyamba, kapena kupeza thupi lozizira n'kuganiza kuti mwana sakudwala kwambiri.