Chilimba Chalowa m'Lamya

Munthu akaima m'mamawa m'mbali mwa Great North Road pa Emmasdale, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, amaona mabasi ndi magalimoto akuluakulu akulowa mumzinda atalemedwa ndi katundu. Mseu umenewu ukapitirira Kabwe ndi Kapiri Mposhi umakafika ku Nakonde, pamalire a dziko lathu ndi Tanzania, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000. Kwa zaka zambiri amayi ndi abambo a malonda ang'onoang'ono a m'dera lino, pamodzi ndi anzawo a ku Matero ndi ku Chaisa, akhala akuyenda mumseu umenewu kukagula mpunga, zitenje, nsapato ndi ziwiya. Kale aliyense ankanyamuka payekha, ndalama atazimanga m'chiuno, kusiya ana ndi kantemba kwa masiku angapo. Lero pali ena amene sanyamukanso onse pamodzi. Amatuma mmodzi, otsalawo n'kumayenda naye pa lamya ya m'manja.

M'nkhani ino tifuna kuona momwe kugwirizana kotereku kumayendera, phindu lake, komanso matope amene amadza ndi mvulayi.

Ulendo umodzi, eni ake ambiri

Tiyerekeze amayi 6 a ku Emmasdale amene akhala akuchita chilimba kwa zaka zingapo. Awiri amagulitsa mpunga, mmodzi amasoka zovala za ana a sukulu, atatu amagulitsa zitenje ndi ziwiya. Amayiwa atsegula gulu lawo pa WhatsApp. Mwezi uno akupita ku Nakonde ndi mmodzi yekha, ndipo ndalama ya basi, ya chakudya ndi ya malo ogona asonkherana onse. Iye akafika kumsika amajambula zitenje ndi matumba a mpunga, natumiza zithunzizo pagulupo pamodzi ndi mitengo yake. Aliyense amasankha ali pakhomo pake, natumiza ndalama kudzera pa Airtel Money kapena MTN Mobile Money. Katundu amakwezedwa pa basi, ndipo wina mwa otsala aja amakamulandira pa Intercity.

Phindu lake ndi loonekeratu. Ulendo umene ukadadya ndalama za anthu 6 wadya za munthu mmodzi. Pogula katundu wambiri nthawi imodzi, mpata wonenerera mtengo umakula. Matebulo a otsala aja sanatsekedwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo ana awo sanagone okha. Komanso wapaulendoyo sanayende ndi mtolo wa ndalama woti n'kukopa akuba.

Pogulitsanso ndi chimodzimodzi. Wosoka uja akaika zithunzi za ntchito yake pa Facebook, amapeza ogula a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, anthu amene sakadadziwa n'komwe kuti kuseri kwa mpanda wina ku Emmasdale kuli makina osokera. Akalandira ntchito yomukulira, amagawirako anzake pagulu lomwe lija, ndipo zovala zikatha mnyamata wa njinga yamoto amakazipereka.

Kumene tachokera

Zinthuzi sizinagwe kumwamba tsiku limodzi. Intaneti inafika m'dziko muno mu 1994 kudzera mu ZAMNET, kampani imene inabadwira pa University of Zambia. Nthawi imeneyo inali ya aphunzitsi a pa yunivesite, mabungwe ndi maofesi akuluakulu. Mayi wogulitsa tomato sankailota n'komwe. Mu 2011 achinyamata ena, mmodzi mwa iwo Lukonga Lindunda, anayambitsa BongoHive mu Lusaka, malo othandiza anthu oyamba malonda kugwiritsa ntchito nzeru zamakono. Mu 2018 eni ake a WhatsApp anatulutsa WhatsApp Business, yokonzedwera makamaka amalonda ang'onoang'ono.

Koma chimene chinakankha anthu ambiri ndi mavuto. Mliri wa kolera utakula mu Januwale 2018, Boma linaletsa malonda a m'misewu ndipo misika ina, kuphatikizapo Soweto, inatsekedwa kwa kanthawi. Mu Malichi 2020 kunabwera COVID-19, anthu naopa kusonkhana ngakhale pa chilimba. Mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu mpaka mu Febuluwale, ndipo osoka zovala za sukulu anatsala ndi katundu m'manja. Pa nthawi zonsezi, amene anali ndi manambala a ogula awo ndiponso gulu la anzawo pa lamya anali ndi podzera. Amene ankadalira odutsa panjira okha anangogwira njakata.

Walira mvula walira matope

Komatu tisanamizane. Lamya imathamangitsa uthenga ndi ndalama, koma siisintha mtima wa munthu. Pa chilimba cha kale anthu ankakhala pa mphasa imodzi, ndalama zikuwerengedwa pamaso pa onse, ndipo wolephera kusonkha ankayenera kuyang'ana anzake m'maso. Pa lamya, munthu angathe kungozimitsa n'kukhala chete. Gulu limene linayamba ndi anthu odziwana limakula msanga: uyu wabweretsa mlamu wake, uyo wabweretsa mnzake wa kuntchito, mpaka mumapezeka manambala a anthu amene palibe akudziwa kumene amagona. Ndalama zonse zikamalowa pa nambala ya munthu mmodzi, chiyeso chimakula. Matenda akagwa pakhomo pake amati angobwerekako pang'ono, mawa lake pang'ono pena, ndipo tsiku logawana likafika m'thumba mulibe kanthu. Apa chimene chimatayika si ndalama zokha. Chibale cha zaka zambiri chimatha, anthu oyandikana nyumba amaleka kupatsana moni ndi moto.

Palinso akuba akunja. Ambiri a ife talandirapo uthenga wochokera kwa munthu wosadziwika wonena kuti titumize ndalama ija pa nambala iyi, kapena wina woimba lamya n'kudzitcha wantchito wa kampani ya lamya, nafunsa nambala yathu yachinsinsi. Ena amatumiza chithunzi chabodza chosonyeza ngati alipira, wamalonda n'kupereka katundu asanaone ngati ndalamayo yalowadi.

Vuto lina tinaliona mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku. Lamya yopanda moto ndi chitsulo chabe. Amene anasunga mawerengero awo onse m'lamya anavutika kudziwa amene ali ndi ngongole ndi amene walipira.

Mpanda wotchinjiriza gulu

Magulu amene amakhalitsa ali ndi makhalidwe ofanana, ndipo ambiri mwa makhalidwewa ndi akale kuposa lamya. Amene anaphunzirapo za magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama a SILC, amene bungwe la Catholic Relief Services lawafalitsa m'madera ambiri, adzakumbukira kuti bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana. Nzeru yomweyo iyenera kulowa m'lamya. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba mawerengero, ndipo ndalama zisatuluke popanda chilolezo cha anthu awiri kapena atatu, choperekedwa poyera pagulupo.

Chachiwiri ndi buku. Pali chida chotchedwa Google Sheets, chimene chili ngati tsamba limodzi la mawerengero loti anthu ambiri angathe kuliona nthawi imodzi, aliyense pa lamya yake. Mlembi yekha ndiye amaloledwa kulembamo, enawo amangowerenga, ndipo chilichonse chimene chasinthidwa chimasiya mapazi ake. Chida chimenechi chimachotsa manong'onong'o, pakuti aliyense amadzionera yekha zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Komabe buku la pepala lisatayidwe. Likhalepo, ndipo lizisainidwa pa msonkhano.

Chachitatu, msonkhano wa maso ndi maso usafe. Kamodzi pa mwezi gulu likhale pansi, liyerekeze buku ndi ndalama zimene zilipo. Munthu watsopano asalowe chifukwa chakuti wina watumiza nambala yake. Abwere aonekere, ndipo womubweretsayo amuimire.

Chachinayi, chithunzi si ndalama. Katundu asachoke wamalonda asanaone yekha pa lamya yake kuti ndalama zawonjezekadi. Nambala yachinsinsi isauzidwe munthu aliyense, ndipo manambala a akuba aperekedwe ku kampani ya lamya, ku ZICTA ndi kupolisi. Gulu likakula, ndi bwino kulembetsa malondawo ku PACRA ndi kutenga TPIN ku ZRA, zimene masiku ano zimatheka pa intaneti, kuti ndalama zizisungidwa m'dzina la gulu m'malo mwa dzina la munthu mmodzi.

Pakhomo pathu

Nkhaniyi imafikanso m'banja. Amayi ambiri achikulire ali ndi luso la malonda la zaka makumi angapo, koma zala zawo zimachita mantha pa galasi la lamya. Ana awo, amene ena atsiriza sukulu ndipo akusowa ntchito, amadziwa lamya koma sadziwa kusiyanitsa mpunga wabwino ndi wosakaniza. Awiriwa akakhala pamodzi, mwana amaphunzira malonda ndipo mayi amaphunzira lamya. Amene amavutika kulemba angathe kutumiza mawu apakamwa m'Chinyanja, choncho palibe chifukwa chosiyira wina kumbuyo. Koma mwana wothandizayo akumbukire kuti ndalama za m'lamya ya amake si zake.

Pakati pa bambo ndi mayi napo pafunika kumasukirana. Ndalama za m'lamya sizioneka monga zinkaonekera za m'chitini, motero n'zosavuta kubisirana ngongole mpaka tsiku limene angongole agogoda pachitseko. Banja limene limakambirana za ndalama zolowa ndi zotuluka silidzidzimuka, ndipo mauthenga a ogula obwera usiku sabweretsa nsanje pamene wina aliyense akudziwa ntchito ya mnzake.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo amalonda a ku Emmasdale anaidziwa nzeru imeneyi lamya isanabwere. Chimene lamya yachita ndi kufupikitsa mseu wa ku Nakonde ndi kufikitsa kantemba ku Kabulonga. Kukhulupirika, kulemba zoona m'buku ndi kubweza ngongole pa nthawi yake zatsalabe m'manja mwathu. Gulu lanu likadzakumana mwezi uno, funsanani kuti ndalama zathu akusunga ndani, akulemba ndani, ndipo ndani wina angathe kuona mawerengerowo. Ngati mayankho onse atatu akuloza munthu mmodzi, konzani zinthu lero, chibale chikadalipo.