Musataye matimati opsa, kufiira kwakeko ndi chakudya

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala, matimati a m'madimba amapsa nthawi imodzi. Pa Lizulu, pa Bembeke ngakhale pa Jenda, madengu amangoti mbwee m'mbali mwa msewu ndipo mtengo umagwa. Mavenda amasankha olimba amene angapirire ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ofiira psuu aja amatsala, ndipo ambiri amathera kudzala.

Alimi anzanga, amene tikutayawo ndiwo abwino m'thupi. Chimene chimafiiritsa tomato ndi mchere wina wotchedwa lycopene. Mu tomato wobiriwira mcherewu umakhala wochepa zedi, koma umanka nuchuluka pamene akupsa. M'thupi mwa munthu, lycopene ali m'gulu la michere imene imathandiza kuteteza maselo kuti asawonongeke msanga.

Mchaka cha 1995, akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa abambo oposa 47,000. Anapeza kuti amene ankadya zakudya za tomato kakhumi kapena kuposerapo pa sabata sankagwidwa kwambiri ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Ku Finland nako, mchaka cha 2012, kafukufuku wa abambo 1,031 anaonetsa kuti amene anali ndi lycopene wambiri m'magazi sankadwala kwambiri sitiroko.

Koma timvetsane apa. Mchaka cha 2014, bungwe la World Cancer Research Fund litaunikanso nkhaniyi linati umboni wokhudza khansayi ngosakwanira. Choncho tomato ndi chakudya, si mankhwala. Bambo amene akuvutika pokodza athamangire kuchipatala, asadalire ndiwo.

Nanga lycopene tingamupeze kuti? Pa magalamu 100 aliwonse, tomato wakupsa ali ndi mamiligalamu pafupifupi 3, chivwende chofiira 4.5, gwafa wofiira mkati 5, ndipo papaya pafupifupi 2. Gwafa woyera mkati mulibe mcherewu, choncho pobzala mitengo pakhomo sankhani wofiira.

Chodabwitsa n'chakuti moto suwononga lycopene monga uchitira ndi vitamini C. Tomato akaphikidwa, thupi limayamwa mcherewu mosavuta, makamaka mukathiramo timafuta pang'ono, chifukwa umasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Ngati mafuta ophikira akwera mtengo, nsinjiro zilinso ndi mafuta okwanira. Ndiye kuti amayi akatendera nkhwani ndi matimati opsa bwino, banja lapindula. Musasende khungu, pakuti ndimo muli lycopene wochuluka.

Kumunda nako kuli choti tichite. Kutentha kukapitirira madigiri 30, tomato amalephera kupanga lycopene mokwanira. N'chifukwa chake zipatso zimene zawombedwa ndi dzuwa la Okutobala zimaoneka zachikasu chakumapewa. Musasadze masamba mopyola muyeso, ndipo matimati amene mwathyola atangoyamba kupsa asungeni pamthunzi kufikira atafiira. Kumbukiraninso kudikira masiku amene alembedwa pa botolo la mankhwala opopera musanakolole.

Tsono otsala pamsika aja titani nawo? Tiyanike, monga tichitira ndi mfutso. Sankhani opsa koma osawola, tsukani, dulani mapisi opyapyala, wazani kamchere ndipo yalani pa thandala la ukhondo. Phimbani ndi kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere. Akauma gwaa, sungani m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino, pamalo ouma ndi amdima. Popeza madzi amakhala atachoka, magalamu 100 a matimati ouma amatha kukhala ndi mamiligalamu oposa 40 a lycopene.

Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula ndi chiwawu zasowetsa matimati ndipo kamulu kakwera mtengo, amene anayanika amangonyika m'madzi ofunda n'kuthira mu ndiwo. Dzuwa lowumitsira n'laulere ndipo limawomba nthawi yomweyo imene matimati achuluka. Chaka chino dengu lotsala lisapite kudzala, lipite pa thandala.