Kuwala kwa laser kukuulula chinsinsi cha minyanga

Wogwira ntchito pachipata cha dziko akatsegula chikwama n'kupezamo chibangili cha mnyanga, amakumana ndi funso lovuta. Kodi mnyangawo ndi wa njovu yophedwa chaka chatha, kapena wa nyama imene inafa kalekale? Yankho lake ndilo limasiyanitsa malonda ololedwa ndi mlandu.

M'chaka cha 1989, mayiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko. Chiletsocho sichikhudza minyanga ya mammoth, nyama yaubweya yofanana ndi njovu, imene inatha padziko zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Minyanga yake imakumbidwa m'nthaka yowuma ndi chisanu ku Siberia, ndipo m'mayiko ambiri imagulitsidwa poyera. Apa ndi pamene ozembetsa amapezerapo mpata: amanamiza akuluakulu kuti mnyanga wa njovu ndi wa mammoth.

Kuwagwira bodza n'kovuta, chifukwa minyanga yonse iwiri inapangidwa ndi zinthu zofanana. Mnyanga ukasemedwa kukhala kanthu kakang'ono, timizere tam'kati timene akatswiri amayang'ana nthawi zambiri sitioneka. Kuyeza DNA kapena zaka za mnyanga kumafuna kudulako kachidutswa, ndalama zochuluka komanso kudikira.

M'chaka cha 2024, ofufuza a ku mayunivesite a Bristol ndi Lancaster ku Britain, motsogozedwa ndi Dr Rebecca Shepherd, anafalitsa zotsatira za njira ina. Anawalitsa laser pa minyanga yochokera ku Natural History Museum mumzinda wa London. Kuwalako kukagunda mnyanga kumamwazika, ndipo kachigawo kochepa kwambiri kamabwerera katasintha mphamvu malinga ndi zimene zili m'mnyangamo. Khalidwe la kuwala limeneli analitulukira ndi C.V. Raman wa ku India mu 1928.

Makina amajambula kusinthako ngati mzere wa zitunda ndi zigwa. Poyang'ana ndi maso, mizere ya njovu ndi ya mammoth imaoneka ngati mapasa. Koma kompyuta ikaisanthula ndi masamu, n'kusankha malo amene mizereyo imasiyana kwambiri, minyangayo imagawikana m'magulu ake. Zonsezi zimatheka m'mphindi zochepa, popanda kuwononga chinthucho.

Nkhaniyi ikukhudza chigawo chino. Kalembera wa njovu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, ndipo anachitika m'mayiko 18 kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, anapeza kuti njovu zam'tchire zinachepa ndi pafupifupi 144,000 pakati pa 2007 ndi 2014. Chimene chinazitha kwambiri ndi kuphedwa chifukwa cha minyanga.

Kuti njirayi idzathandize pazipata, pakufunika kuyeza minyanga yambiri yodziwika bwino gwero lake, yoti makina aziyerekezera nayo. Zikadzatero, wozembetsa sadzathanso kubisala kumbuyo kwa nyama imene inatha kale.