Amakaniko a njinga zamoto: luso lawo limaonekera pa mashoko

Paliponse pamene pali siteji ya akabaza, makaniko wa njinga zamoto sakhala patali. Ku Ndirande ndi ku Limbe mumzinda wa Blantyre, ku Biwi mu Lilongwe, ngakhale m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Lizulu ndi Jenda, galaja yake imakhala khonde la sitolo kapena mthunzi wa mtengo. Zida zake ndi bokosi la masipanala, pampu, nyundo ndi chigubu cha oyilo wakuda.

Kale njinga zamoto zinali za alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, omwe ankayendera ma Yamaha ndi ma Honda a boma kapena a mabungwe. Lero misewu yadzaza ndi Lifo, Sanlg, Kinglion ndi TVS, ndipo ntchito yokonza njingazi yakula limodzi ndi kabaza. Ambiri mwa amakaniko anaiphunzira pongoyang'ana. Mnyamata amayamba ndi kupatsira masipanala, kumata chubu ndi kusintha oyilo, kenako pulagi ndi mabuleki, mpaka tsiku lomwe bwana wake adzamulole kutsegula injini. Ena anachokera kokonza njinga zakapalasa. Ochepa ndiwo anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999.

Ntchito imodzi yomwe siwathera ndi ya mashoko akumbuyo. Njinga yopangidwira anthu awiri imanyamula atatu, matumba a chimanga, makala kapena makireti a zakumwa, m'misewu ya maenje. Mashoko amatopa msanga, amayamba kudontha oyilo, kumbuyo nkutsika. Wakabaza amagula ena, ndipo nthawi zambiri amasankha aatali kapena olimba kuposa oyamba kuti azisenza zambiri. Ena amachita kuwotcherera mashoko owonjezera. Sipapita masiku, wabwereranso: "Madala, chisinthireni mashoko aja njinga ikungonjenjemera."

Apa ndiye pamasiyana makaniko ndi munthu wongodziwa kumasula mabawuti. Wachangu amanena kuti mashokowo ndi achinyengo, mugule ena. Wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso. Kunjenjemerako kukumveka pati: pachishalo, popondera kapena pamahandulo? Kukuyamba pa liwiro lanji? Kenako amakwera yekha, nkuithamangitsa pang'ono, nkugwira kalachi kuti injini itsike mawu njinga ikuyendabe. Kukasiya, vuto lili kumbali ya injini kapena zomangira zake. Kukapitirira, lili ku tcheni, ku gudumu kapena ku foloko yakumbuyo. Amadziwanso kuti injini ya pisitoni imodzi, ya 125cc kapena 150cc, imanjenjemera mwachibadwa, choncho chomwe akusaka ndi kunjenjemera kwachilendo.

Kawirikawiri wolakwa amakhala tcheni. Mashoko aatali amakankhira foloko pansi, ndipo njinga ikaima yopanda katundu tcheni amaoneka wolefuka. Wosadziwa amamukoka mpaka kuti ndi. Munthu akakwera ndi katundu, foloko imakwera, mtunda wa pakati pa masipuloketi awiri umatalika, tcheni nkukungika kupyola muyeso. Zotsatira zake ndi kulira, kunjenjemera popondera, mano a sipuloketi kudyeka, ndi mabeling'i kutha msanga. Pa njinga zambiri zazing'onozi tcheni amayenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati pake. Makaniko wosamala amazungulitsa gudumu kuti apeze pamene tcheni wakungika kwambiri, poti tcheni wakale satha mofanana, ndipo amayezanso munthu atakhala pachishalo.

Chachiwiri ndi kuima kwa gudumu. Mbali zonse ziwiri za foloko zili ndi timizere tosonyeza pamene zokokera tcheni zafika. Mbali ina ikapitirira inzake, gudumu lakumbuyo silitsatanso lakutsogolo, njinga imakokera kumbali ndipo tayala limadyeka mopendekeka. Chimodzimodzi mashoko enieniwo: onse awiri ayenera kukhala ofanana kutalika, ndipo mphete yolimbitsira sipuling'i ikhale pa sitepe imodzi uku ndi uku. Kusintha shoko imodzi yokha pofuna kupulumutsa ndalama ndiko kumapotoza foloko.

Palinso matenda akale omwe mashoko atsopano amangowaulula. Mashoko otopa amameza zambiri. Olimba amafikitsa chilichonse kumsana kwa wokwera. Mabushi a foloko akatha, gudumu limagwedera mukalikankha cham'mbali. Mabeling'i akatha, limakhula polizungulitsa. Timalabala ta mkati mwa habu, tomwe timafewetsa kukoka kwa sipuloketi, tikaphwanyika njinga imachita kudzuka ndi mkokomo poyamba kuyenda. Masipoko olefuka amadziwika powagogoda ndi sipanala, chifukwa salira ngati anzawo. Limu yopindika kapena tayala losakhala bwino m'mphepete zimaoneka njinga itaimikidwa pa sitandi yapakati gudumu likuzungulira. Nthawi zina vuto limangokhala bawuti ya ekizosi kapena ya kaliyala yomwe inamasulidwa posintha mashoko, nkuiwalika.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma nthawiyo ndi imene wakabaza alibe. Ambiri njinga si yawo. Madzulo mwini wake akudikira ndalama ya tsikulo, ndiye ola lililonse pa galaja ndi makasitomala othawa. Makaniko naye amalipidwa pa chimene wasintha, osati pa chimene waganiza. Akapeza kuti vuto linali tcheni chabe, wakabaza amati, "Mwangomasula nati basi, ndikupatseni zingati?" Mitengo ya masipeya ikukwera chifukwa onse ndi ochokera kunja, choncho aliyense amathamangira otchipa, omwe ena safika n'komwe miyezi ingapo. Amakaniko ena amagwira ntchito pa ngongole, kudikira kuti wakabaza akathamange kaye.

Komabe zomwe makaniko wasiya osayang'ana zimakathera pamsewu. Tcheni akaduka kapena akavuka pa liwiro angathe kukola gudumu lakumbuyo, ndipo ovulala pa ngozi za njinga zamoto ndi ambiri kale m'zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Inu akabaza, mukasintha mashoko musachoke pa galaja tcheni asanayezedwe inu mutakwera, gudumu lisanawongoledwe, ndi njinga isanayesedwe pamsewu. Ndipo makaniko amene wakupezerani vuto popanda kukugulitsani sipeya, mulipireni mokwanira, chifukwa wagwira ntchito yaikulu kuposa wongosintha zitsulo.